Dzina Lodulidwa Pakati

Fani ya m'chipinda chino ku Matundo ikungotakasa kutentha,
ndipo Azarias wandiimbira kachitatu kuchokera ku Ulongwe:
Mlongo, dzina langa lilimo?

A kumgodi wa malasha ku Moatize atulutsa mndandanda wa oitanidwa,
mayina zikwizikwi m'fayilo imodzi yonenepa,
dzina lililonse lotsekeredwa m'kakhola ka zizindikiro.
Laputopu yanga ndi yakale, ndinagula kwa mphunzitsi wopuma ntchito.
Nditaiuza kuti imeze fayilo yonse
n'kumanga mtengo wake, thunthu, nthambi, tsamba lililonse pamalo pake,
inabuula, inatentha kumimba, inazima.

Ndiye ndalemba kapulogalamu kosasenza katundu.
Kamangoima m'mbali mwa njira
ngati mnyamata wowerenga malole pa mlatho wa Zambezi,
amene sadziwa zomwe zikubwera kuseri kwa phiri
ndipo zomwe zawoloka sazitsatira.
Zilembo zikudutsa mondondozana.
Kakaona mlomo wosongoka uja kamandikodola: chatseguka.
Kakaona mawu: mawu awa.
Kakaona kamzere kopendekeka: chatsekeka.
Basi. Kamaiwala pomwepo.

Kukumbukira ndi kwanga.
Ndine ndiyenera kudziwa kuti tili m'chipinda chiti,
zitseko zingati zatseguka kumbuyo kwathu,
ndiziunjika ngati mbale, yomaliza kuika ndiyo yoyamba kuchotsa.
Amene analemba fayiloyi anali pa changu,
mwina njala ya masana itamugwira:
zitseko zina anazisiya pululu,
penapake anatseka chitseko chomwe sanatsegule.
Ndamukhululukira pamzere wa makumi asanu ndi awiri.

Naini koloko usiku ndinakauza kuti kayambe.
Kanathamanga mopepuka, laputopu osatuluka ndi thukuta lomwe.
Anadutsa a Belarmino, a Custódio, a Felizarda awiri,
anthu a ku Changara, a ku Zóbuè, a ku Furancungo,
aliyense chatseguka, dzina, chatsekeka.
Pamapeto kanandiyankha mawu amodzi:
palibe.

Ndinagwira foni.
Ndinaganiza za mbatata zake zomwe zinaola m'munda chaka chatha,
za nsapato zomwe anabwereka popita kukalembetsa,
ndinayamba kusanja mawu ofewa oti ndimuuze.
Kunja galu wa a Dona Ermelinda anali kukalipira njinga yamoto.
Ndinaika foni pansi.
Ndinati kasonyeze chilichonse chomwe wamva, usasankhe.

Ndipo pakati pa chigwirigwiri cha mizere ndinaona:
mawu awa: Aza
mawu awa: rias Kamphambe

Fayilo imabwera m'zidutswa, ngati madzi otunga ndi ndowa,
ndipo ndowa ina inadzadza pakati penipeni pa dzina la mlongo wanga.
Theka linafika, ine ndinalifunsa, kodi ndiwe Azarias? Linati ayi.
Theka lina linafika, linatinso ayi.
Kapulogalamu sikananame.
Ndine ndinaweruza mlandu mboni isanamalize kulankhula.

Mizere itatu yokha ndiyo ndinasintha.
Chikatseguka, tenga mbale yopanda kanthu.
Mawu akabwera, thira, usafunse.
Akabweranso, thiranso.
Chikatsekeka, pamenepo werenga.

Kanathamanganso, ndipo dzina linatuluka lathunthu,
Lachinayi, eyiti koloko m'mawa, abwere ndi chiphaso.
Ndinakhala kaye chete, fani ikuzungulira,
ndikuganiza za ena omwe ndowa inawadula pakati
m'maofesi momwe palibe amene anabwerera kukayang'ana.

Anayankha foni isanalire kawiri.
Lilimo, ndinatero.
Sanakuwe. Ndinamva akuuza wina kumbali, lilimo,
kenako anatsokomola
n'kundifunsa ngati ndingamutumizire ya chapa,
mametikali mazana asanu,
adzabweza akalandira.